Phazi la a Malizani

Ku Zingwangwa aliyense ankadziwa kuti pikapu ya a Malizani siima ukaiuza kamodzi. Kale inali yoyera, koma tsopano inali itatenga mtundu wa phala la mgaiwa, ndipo kumbuyo kwake kunali kutanyamula chilichonse chimene munthu wa m'tauni amayenda nacho: mabedi, makala, matumba a chimanga, mbuzi za ukwati, ngakhale kwaya yonse ya amayi popita kukayimba ku Chilomoni. Ikamatsika mtsetse wa kumsika, a Malizani ankaponda buleki koyamba, chopondera n'kumira mpaka pansi ngati aponda nthochi yakupsa. Akaponda kachiwiri, m'pamene galimoto inkakumbuka ntchito yake n'kuima bwinobwino.

Eni ake sankaonapo vuto. Anzawo a pa siteji ya mapikapu akamawaseka, iwo ankangopukusa mutu momvera chisoni anthu osadziwa ulemu.

"Galimoto iyi ndi munthu wamkulu," ankatero. "Pakhomo pa munthu wamkulu sumangolowa. Koyamba umaodira kaye, kachiwiri ndiye umalowa."

Phazi lawo lamanja linazolowera kwambiri moti linkagwira ntchito palokha. M'tchalitchi mlaliki akatalikitsa, phazi lija linkaponda simenti kawiri. Akazi awo, a Petronela, amene ankagulitsa thobwa pamsika, ankalumbira kuti ngakhale kutulo amalimva likuyesa kuimitsa bedi.

Moyo wa pakhomopo unali wabwino, tisaname. Nyumba inali yawoyawo, pabwalo panali mtengo wa mapeyala wosatopa kubereka, ndipo ndiwo sizinkasowa. Chimene chinkawadya a Malizani chinali chimodzi chokha. Anyamata awo awiri, Everson ndi Howard, anali atapita ku Joni, ndipo chimene chinkabwera kuchokera kumeneko zinali zithunzi za pafoni ndi malonjezo a Khirisimasi. Pakhomo panatsala mzime, Tithokoze, amene onse ankangomuti Thoko. Iye ndiye ankadzaza nyumba ndi phokoso, ankatsutsana ndi wailesi, ndiponso ndiye yekha amene ankaseka nthabwala za bambo ake asanazimalize. Tsono msuweni wake Olive anali atamupezera malo pa saluni ina ku Joni komweko, ndipo ankafuna yankho mwezi usanathe.

A Petronela anaitenga nkhaniyo modekha. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, bambo a Everson," anatero akutsuka mabotolo. "Ngati simukufuna apite, muuzeni. Pakamwa muli napo."

Pakamwa analidi napo, ndipo pa siteji palibe ankawaposa kulongolola. Koma kuti ayang'ane mwana wawo wamkazi m'maso n'kunena kuti usapite, ndikusowa, zimenezo zinkawakanika ngati kumeza fupa. Anthu ena anabadwa choncho, amadutsa kuseri ngakhale chitseko chakumaso chili pululu. Choncho a Malizani anazungulira. Anayamba kudandaula bondo, lomwe linkawawadi, kenako tsiku lina pa chakudya ananena ngati akunena za nyengo kuti laisensi ija Thoko anatenga chaka chatha ikungodyedwa ndi njenjete, ndipo pikapu ikufuna munthu wa mawondo atsopano.

Thoko anasiya kudya. "Mukundipatsa galimoto, adadi?"

"Ndikunena kuti bondo likuwawa."

Loweruka m'mawa anatuluka awiriwiri, Thoko pa chiwongolero. Kukwera mtunda kunayenda bwino, magiya ankawasintha mosalala moti a Malizani anachita kuyang'ana kunja kuti abise mano. Potsika anayamba kumufotokozera za kuodira kuja, koma asanafike pakati pa phunziro, wakabaza wa njinga yamoto anatulukira pakanjira ka pakati pa mipanda ngati wathamangitsidwa ndi njuchi. Thoko anaponda buleki mmene anamuphunzitsira kusukulu yoyendetsa galimoto, kamodzi, mwamphamvu. Chopondera chinamira.

"Kachiwiri! Kachiwiri!" anakuwa a Malizani, phazi lawo likuponda pansi popanda kanthu.

Thoko sanamve. Anakoka handibuleki ndi manja onse awiri, pikapu n'kukhwekhwereza matayala akumbuyo, n'kukaima mphuno itagunda dengu la tomato la mayi wina wa m'mbali mwa msewu. Tomato anagubuduka kutsika mtsetse, ana akumuthamangitsa. Palibe anavulala. Mayi watomato ananena mawu ake onse, ena a m'Baibulo ena ayi, ndipo a Malizani anapepesa chipewa chili m'manja.

Atabwerera m'galimoto anapeza Thoko atagwirabe chiwongolero.

"Umangoyenera kuponda kachiwiri, mayi," anatero mofatsa. "Ukaizolowera ilibe vuto."

"Ine sindizolowera zimenezi, adadi. Likanakhala si dengu? Akanakhala mwana?" Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Galimoto ndikuifuna. Ndimaifuna kuyambira kale. Koma sindingakweze anthu m'chinthu choti ndizichita kuchipempha kuti chiime. Ikamaima ndikaponda kamodzi, ndiye tikambirana. Apo ayi, ndimuyankha Olive."

A Malizani anamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Anamva kuwawa kuti galimoto imene inalipira sukulu ya mwanayu yatchedwa chinthu. Koma pansi pa kuwawako panali chimwemwe, chifukwa aka kanali koyamba kumva kuti khomo lina lilipo, loti mwanayo atha kutsala. Vuto linali loti iwo anali atayesa kale kuchiza mabuleki amenewo mpaka kugwa ulesi.

Matendawa anayamba chaka cha namondwe wa Freddy. Phiri litagumukira anthu ku Manje, a Malizani anali m'gulu la oyamba kupita ndi pikapu yawo. Ananyamula ovulala, ananyamula osowa pogona, ananyamulanso ena amene sanafunikenso kufulumira nawo. Matope analowa paliponse, ndipo makalipa, zitsulo zija zimene zimafinya mabuleki a matayala akutsogolo, anauma gwa. Anathamangira ku msika wa Ndirande, anagula ena ogwirapo kale ntchito, n'kuwamanga okha mvula ikuwagwa pamsana, chifukwa anthu ankadikira. Kuyambira pamenepo chopondera chinafewa. Anachotsa mpweya m'mapaipi kambirimbiri, a Petronela akuwapompera mpaka kutupa mwendo, koma sizinasinthe. Mapeto ake anangovomereza mumtima kuti galimoto nayo inaona zimene anthu anaona, ndipo chinthu chimene chaona zotero suchikalipira chikamachedwa kuyankha.

Masana a Loweruka lomwelo anaimika pikapu pansi pa mtengo wa mapeyala. Thoko anavala ovolosi yakale ya Howard, napinda miyendo yake. A Malizani anayala masipanala pa thumba, ndipo popeza kuphunzitsa kunali kokoma kwa iwo kuposa nyama, anayambira pachiyambi penipeni.

"Buleki yofewa ili ndi abale ake ochepa," anatero akutsegula boneti. "Tiwafunsa mmodzimmodzi. Woyamba ndi uyu."

Anamuonetsa kachigubu ka mafuta a mabuleki. Kanali kodzaza mpaka pa mzere. Anamuuza kuti asuzumire kuseri kwa tayala lililonse n'kupisa chala, chifukwa pamene pakudontha pamanyowa ndipo fumbi limamatirira. Thoko anakwawa mbali zonse n'kubwerako ndi chala chouma. Kenako anamukhazika pampando kuti apompe mpaka chopondera chilimbe, n'kuchigwira osasiya.

"Chikutsika pachokha?"

"Ayi, changoima."

"Ndiye kuti mpope waukulu, uja umakankha mafuta ukaponda buleki, uli bwino. Timalabala take tikatha, chopondera chimakuthawa pang'onopang'ono phazi lili pomwepo."

Anayang'ana mapaipi a labala ngati akufufuma buleki ikapondedwa, koma sankafufuma. Anagulula matayala akumbuyo, naona kuti mabuleki akumeneko sanadyeke ndipo sanatalikirane ndi chitsulo chimene amagwira. Wachibale aliyense anakana mlandu. A Malizani anakhala pa chitini cha penti, napukuta thukuta.

"Watsala mmodzi yekha, mpweya. Mafuta safinyika, koma mpweya umafinyika, n'chifukwa chake phazi limamira. Koma mpweya umenewu ndauthamangitsa ine mpaka mayi akowa anatsala pang'ono kundisiya ukwati."

"Ndipo ulendo uno musandiitane," anayankha a Petronela ali pakhonde, pomwe ankathira thobwa m'mabotolo.

Kuchotsa mpweya m'mabuleki ndi ntchito ya anthu awiri osaonana. Wina amakhala pampando kupompa ndi kugwira chopondera, wina amagona pansi kumasula kabauti kakang'ono ka bowo, kamene amakaniko amakati nipo, kuti mpweya utuluke. Wapansi ndiye amalamula, wapamwamba amangomvera. Moyo wawo wonse a Malizani ankakhala wapansi. Koma tsikuli atati agwade, bondo linalira ngati chitseko chakale, ndipo Thoko anawalanda sipanala osapempha.

"Kwerani, adadi. Lero mumvera ine."

Anakwera akung'ung'udza.

"Pompani!" anafuula Thoko ali pansi, ku tayala lakumbuyo.

Anapompa.

"Gwirani!"

"Ndagwira."

Thoko anamasula kabauti, mafuta anatuluka, chopondera chinatsika. Koma chisanafike pansi, phazi la a Malizani linachita zimene linazolowera, linadzuka kuti liponde kachiwiri.

"Adadi! Mwasiya! Mwakokeranso mpweya m'kati!"

"Sindinasiye ine. Ndi phazili."

"Ligwireni ndi manja ngati silikumva."

A Petronela anaseka mpaka thobwa linatayikira pa chitenje. Zinatengera kuti a Malizani atsamiritse manja onse awiri pa bondo kuti phazi likhale pansi mpaka mwana wawo atanena kuti siyani. Kumbuyo konse kuwiri kunatuluka mafuta oyera opanda thovu. Anasamukira kutsogolo, anakweza ndi jeke, anagulula tayala. Kenako pansi paja panangoti zii.

"Watani, wagona?"

"Ndikufuna kanipo. Kumbuyo kuja kanali pamwamba, kuno pamwamba palibe." Anapapasa ndi chala. "Ndakapeza. Kali kunsi."

"Eya, kali kunsi. Ndi mmene anapangira eni ake."

"Koma adadi," anatero Thoko, mawu ake akumveka ngati a munthu amene akungofunsa kuti adziwe, "mpweya ukakhala m'mafuta umatsika kapena umakwera?"

A Malizani anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma maso awo anagwera pakhonde. Mabotolo a thobwa anali atandandalikidwa pamenepo, lililonse thovu lake lili kukhosi. A Petronela anali atangotenga limodzi lofufuma, namasula chitsekerero pang'ono, botolo n'kupuma kuti psii.

Anatsika m'galimoto mwakachetechete. Anaiwala bondo, anagwada pafumbi, nayang'ana kalipa wa kumanja. Anakwawa kukayang'ana wa kumanzere. Onse awiri timabauti tawo tinaloza pansi. Makalipa amafanana ngati nsapato, koma ngati nsapato zomwezo, aliyense ali ndi mbali yake. Tsiku lija la mvula, m'maso muli madzi ndipo mumtima muli anthu a ku Manje, anamanga wa kumanja kumanzere, wa kumanzere kumanja. Mabauti analowa bwinobwino osadandaula. Ndiye nthawi yonseyi mpweya unali utakhala phee pamwamba, iwo akutsegula chitseko cha pansi n'kumataya mafuta.

Anakhala pansi n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, ndipo misozi ina sinali ya kuseka ayi.

"Ine kumati galimoto ili pa chisoni," anatero. "Chonsecho ndinaiveka nsapato mopingasa."

"Ndiye mwendo wanga unatupira zimenezi?" anafunsa a Petronela. "Mundigulire chitenje."

Kusinthanitsa makalipa kunawatengera mpaka dzuwa litapendeka. Atamanga zonse, timabauti titaloza kumwamba, Thoko analowanso pansi.

"Pompani! Gwirani!"

Ulendo uno kabauti katamasulidwa, kanalavula mpweya ngati mwana wotsamwa, thovu lokhalokha. Anabwereza mpaka mafuta anatuluka oyera. Atamaliza mbali inayo, a Malizani anaponda chopondera ndipo chinawakana. Chinaima pamwamba, cholimba ngati mwala wa mphero. Anali ataiwala kuti buleki imamveka choncho.

M'mawa mwake ananena kuti oyesa galimoto akhala iwo, poti ndiwo akuidziwa. A Petronela anati sangalipire kabaza galimoto ili pakhomo, choncho anakhala pakati atafungatira ndowa ya thobwa lotsala losathira m'mabotolo, Thoko n'kukhala kuzenera. Ananyamuka mwaulemu, akupatsa moni anthu a m'njira. Atafika pa mtsetse wa kumsika, a Malizani anadziuza mumtima kuti kamodzi, pang'onopang'ono, kamodzi basi.

Phazi silinamve. Linaponda koyamba ndi mphamvu yonse imene linkapondera pa nthochi yakupsa ija, galimoto n'kuima ngati yagunda khoma. Anthu asanabwerere m'mipando yawo, linapondanso kachiwiri. Chivundikiro cha ndowa chinauluka. Thobwa linakwera pagalasi, linatsikira pa wailesi, lina n'kusambitsa a Petronela kuyambira pa duku mpaka m'nsapato.

Kunali chete, kupatula thobwa likudontha.

"Bambo a Everson," anatero a Petronela osatembenuka, chimera chili pa nsidze, "zitenje zija zakhala ziwiri."

Anapukuta galasi ndi chipewa n'kuyesanso. Pokhota pa tchalitchi phazi linabwereza zomwezo, ndipo bambo wina amene ankayenda m'mbali anachita kudumphira mu ngalande ndi mantha. Apa a Malizani anaimika galimoto pambali, nazimitsa injini. Anayang'ana phazi lawo mmene munthu amayang'anira galu wake wokalamba amene waluma mlendo. Galimoto inali itachira. Amene sanachire anali iwo, ndipo anadziwa kuti pa msinkhu wawo phazi limenelo silidzaphunziranso msanga.

Anazula makiyi, anatsika, nazungulira kutsogolo kwa galimoto akutsimphina. Anatsegula chitseko cha mbali ya Thoko n'kumupatsa makiyiwo.

Thoko anayendetsa kutsika mtsetse wonse. Atafika pa siteji ya mapikapu, pamene anzawo a a Malizani anali atakhala pa benchi kudikira mahayala, anaika phazi pa buleki kamodzi, mofatsa, ndipo pikapu inaima ndendende pamene ankafuna. Kumbali ya zenera kunamveka phazi likuponda pansi kawiri.

"Yaima kale, adadi."

"Ndaona."

Anakhala choncho, injini ikulira pang'onopang'ono. A Malizani anakonza kukhosi. Anati galimotoyi imafuna kuyang'ana madzi m'mawa uliwonse. Anati tayala lakumbuyo kumanzere limachepa mpweya. Anati za Olive zija, kaya, poti ku Joni nakonso anthu amapita, komanso nyengo yake amati ndi yozizira. A Petronela anawagunda ndi chigongono m'nthiti, chigongono chonyowa ndi thobwa.

Ndipo mawu aja anatuluka, osakongola, ngati mpweya wa mu kalipa.

"Usapite, mayi. Ukapita iwe nyumba ija indikulira."

Thoko anayang'ana kutsogolo, pagalasi lamizeremizere ya thobwa.

"Mwezi wonsewu ndimadikira mawu amenewo," anatero. "Mukanangonena kamodzi, adadi. Ine ndimamva kamodzi."

A Petronela anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nanena kuti chimera chawalowa m'diso.

Nthawi yomweyo bambo wina anafika akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Anali ndi bedi ndi matiresi zoti zipite ku Nkolokosa.

"Adiraiva! Muli pa hayala?"

A Malizani anatembenuka kuti ayankhe, monga ankachitira zaka zonsezi. Koma bamboyo anali ataima ku zenera linalo, akuyang'ana Thoko.

"Tili pa hayala," anatero Thoko. "Katundu ali kuti?"

A Malizani anatsika pang'onopang'ono, nakatenga zingwe kuseri kwa mpando. Anzawo a pa benchi anayamba kale kuwaseka kuti asanduka kondakitala wa mwana wawo. Iwo anakweza bedi lija, nalimanga mfundo zolimba kuposa zimene linkafunika, akuyimba chamumtima nyimbo ya kwaya ya amayi.